Kukatenga Chingerezi kwa Eni Ake

Mlongo wanga wamng'ono waphunzitsa Chingerezi kwa zaka zisanu ndi ziwiri pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Chaka chatha adalembetsa digiri ya uphunzitsi wa Chingerezi ku yunivesite ina ya ku Mangalande, ya mtundu uja munthu amaphunzira ali kwawo kudzera pa intaneti. Asanamulandire, a kuyunivesiteko adati ayambe walemba mayeso otsimikizira kuti Chingerezicho amachidziwadi. Ndalama ya mayesowo inkaposa malipiro ake a pamwezi, choncho tidasonkherana. Tsiku lomwe tinkaitumiza adandifunsa uku akuseka: "Achimwene, ngati ineyo ndiyenera kuyamba ndayesedwa, ndiye ana onse aja ndakhala ndikuwaphunzitsa chiyani?"

Nane ndidaseka, koma funsolo lidandikhala pamtima. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo tsiku ndi tsiku ndimakhala pakati pa Chichewa ndi Chingerezi ngati nkhoswe ya mbali zonse ziwiri. Ndimadziwa bwino kuti pa milandu yawo wina amapatsidwa mpando, wina mphasa. Boma la Britain lili ndi mndandanda wa maiko amene nzika zake sizifunika kuyesedwa Chingerezi zikafuna kukaphunzira kumeneko. Pa mndandandawo pali Jamaica, Barbados ndi Malta, koma palibe dziko ngakhale limodzi la mu Africa muno. Ulendo umene mlongo wanga akuyenda pa laputopu ndi wakale kuposa ufulu wa maiko athu, ndipo oyamba adauyenda pa sitima ya pamadzi. Ndikufuna tiulondole kuti tione zimene apaulendowo ankabwera nazo m'masutikesi, chifukwa pamodzi ndi luso lenileni mudalowanso chikhulupiriro china chimene chikutisautsabe: chakuti mphunzitsi wa Chingerezi akamalowa m'kalasi azisiya chiyankhulo cha ana pakhomo ngati nsapato zamatope.

Tiyambe ndi ludzu la Chingerezi, pakuti ludzulo silidali la uchitsiru. Mu 1894 Robert Laws adatsegula Overtoun Institution pa phiri la Khondowe, ku Livingstonia. Kumeneko anyamata a m'makalasi apamwamba ankaphunzira m'Chingerezi, ndipo otulukamo adabalalika m'chigawo chonse chino monga aphunzitsi, akalaliki ndi otanthauzira m'makhoti ndi m'migodi. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adali mphunzitsi wosulidwa ku Livingstonia. Koma ku Mvera ndi ku Nkhoma, kumene kudali amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape, Chingerezi chinkaperekedwa moumira. Iwo ankakhulupirira kuti mwana wa m'mudzi akadziwa kuwerenga Mawu a Mulungu m'chiyankhulo chake ndi kugwira ntchito zamanja, zakwana. Makolo adali ndi maso. Adaona kuti wa Chingerezi akukhala pa tebulo ku boma, pamene wopanda Chingerezi akutchola tiyi ku Thyolo kapena kutsika m'chidzenje ku Joni.

Boma la atsamunda lidachedwa kulowa m'nkhani ya sukulu. Nthambi ya zamaphunziro m'Nyasaland idakhazikitsidwa mu 1926, patapita zaka ziwiri chibwerere gulu la Phelps-Stokes la ku America, limene lidalangiza kuti Mwafirika aziphunzira zoyenera moyo wa m'mudzi: ulimi, ukhondo ndi zina zotero. Mu 1929 ku Domasi kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankapita ndi akazi awo kukaphunzira zimenezi. Zidali zabwino ndithu, koma anthu adaumva uthenga wake molondola, kuti chitseko chokwerera kumtunda chatsekedwa. Sekondale yoyamba m'dziko lonse idachita kutsegulidwa mu 1940, ku Blantyre. Ku South Africa lamulo la Bantu Education la 1953 lidamangirira kuphunzira m'chiyankhulo cha makolo ku tsankho, ndipo mfundo imeneyo sidamasukebe. Aliyense wa ife amene amalimbikitsa ziyankhulo zathu m'sukulu azikumbukira mbiri imeneyi asanayambe kunyoza kholo lofuna kuti mwana wake ayambe Chingerezi kusukulu ya mkaka.

Munthu wofuna kupitirira satifiketi ya uphunzitsi ya kumishoni ankayenera kutuluka m'dziko. Njira ina idali Fort Hare ku South Africa. Ina, imene idakula nkhondo yachiwiri itatha, idali digiri ya London. Yunivesite ya London idayamba kalekale, mu 1858, kulola anthu osaphunzira m'makoleji ake kulemba mayeso ake, ndipo pofika mu 1865 mayesowo ankalembedwa mpaka ku Mauritius. Kuphunzira uli kutali ndi yunivesite, kumene lero timakuyesa kwatsopano, kudayamba ndi mapepala oyenda panyanja. Nkhondo itatha Britain idatsegula kapena kukweza makoleji ku Ibadan, ku Gold Coast, ku Makerere, ndipo pambuyo pake ku Salisbury, onse oyang'aniridwa ndi London. Wophunzira ankakhala pa phiri la ku Kampala, koma silabasi yake inkavomerezedwa ku London, mayankho ake ankaonedwanso ndi oyesa a ku London, ndipo pepala limene ankalandira lidali la London.

David Rubadiri adadzera njira imeneyi. Adalowa ku Makerere mu 1952, n'kutuluka mu 1956 ndi digiri ya Chingerezi ndi mbiri yakale. Adatenganso dipuloma ya uphunzitsi ku Bristol, adaphunzitsa ku sekondale ya Dedza, adamangidwa mu 1959 pamodzi ndi ena olimbana ndi chitaganya, adapita ku King's College ku Cambridge, ndipo atabwerako adakhala mkulu wa koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill. Tangoganizani kutalika kwake: Kampala, Bristol, Cambridge, zonsezi kuti munthu aime pamaso pa ana a kwawo ndi choko m'manja. Komanso Chingerezi cha m'digiri ya masiku amenewo chidali mabuku a ku England, Shakespeare ndi anzake. Funso lakuti mwana woyankhula Chiyao kapena Chibemba angalowe bwanji m'Chingerezi silidali pa pepala la mayeso.

Funsolo lidapeza eni ake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ufumu wa Britain uli pafupi kutha. Mu 1957 yunivesite ya Edinburgh idatsegula School of Applied Linguistics mothandizidwa ndi British Council. Leeds ndi Institute of Education ya ku London nazonso zidali ndi madipuloma a kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a ziyankhulo zina. Mbendera zinkatsika, koma chiyankhulo chinkasanduka katundu wotumiza kunja, wokhala ndi akatswiri ake, mabuku ake ndi masikolashipu ake. Mu Januwale 1961 nthumwi za maiko a Commonwealth zidakumana ku Makerere konkuja kukambirana za kaphunzitsidwe ka Chingerezi monga chiyankhulo chachiwiri. Patapita zaka 31, Robert Phillipson, amene adagwirapo ntchito ku British Council, adasanthula lipoti la msonkhanowo m'buku lake lotchedwa Linguistic Imperialism. Iye adati pansi pa lipotilo padagona zikhulupiriro zisanu: kuti Chingerezi chimaphunzitsika bwino popanda kusakaniza chiyankhulo china, kuti mphunzitsi wopambana ndi wobadwa nacho, kuti mwana aziyamba msanga, kuti chikachuluka m'tsiku la mwana ndiye zikoma, ndiponso kuti ziyankhulo zina zikapatsidwa malo Chingerezi chilowa pansi. Zonse zisanu adazitcha zonama.

Pali akatswiri amene amati Phillipson adathira mchere wambiri, ndipo ali ndi mfundo. Lipotilo lidanena kuti cholinga n'chakuti aphunzitsi akhale eni dziko, ndi kuti alendo azigwira makamaka ntchito yosula aphunzitsiwo. Koma taonani tanthauzo lake. Mlendo wachoka m'kalasi ya ana, wakakhala kumene amaumba aphunzitsi, ndipo muyezo ukadali iye. Ine zikhulupiriro zisanuzo sindidazidziwire m'buku ayi, ndidazimva pakhosi. Pa pulayimale yathu, wogwidwa akuyankhula Chichewa mu Sitandade 6 ankavekedwa chigoba cha nkhono chomangirira pa chingwe, ndipo ankayenera kusaka mnzake woti amusiyire belu loweruka lisanalire. Wotsala nacho ankakumba dzenje la zinyalala. Tidasanduka akazitape, kumvetsera ndi kuseri kwa chimbudzi komwe. Mphunzitsi amene adatiyambitsira zimenezi sadapondeko ku Makerere kapena ku Edinburgh. Chiphunzitso chidayenda chokha, kuchoka ku yunivesite kupita ku koleji, kuchoka ku koleji kudzafika pansi pa mtengo wa mango.

Ulendo wochokera mbali inayo udali waufupi modabwitsa. Mu 1962 John Haycraft adayambitsa ku London maphunziro a masabata ochepa chabe osulira aphunzitsi a Chingerezi, amene adakula n'kukhala satifiketi yotchedwa CELTA. Mpaka pano munthu angathe kuimaliza m'mwezi umodzi. Chakumapeto kwa 1963 Paul Theroux adafika ku Soche Hill ndi gulu la Peace Corps. Adali ndi zaka 22, atangomaliza kumene digiri yake yoyamba ku Massachusetts. Sindikumunyoza. Adaphunzira chiyankhulo chathu, adali bwenzi la banja la Rubadiri, ndipo kuthandiza kwake banjalo Rubadiri atasemphana ndi boma ndi chimodzi mwa zimene zidachititsa kuti apirikitsidwe m'dziko mu 1965. Kungoti Rubadiri, chilowere ku Makerere, adatenga zaka khumi kuti afike ku Soche, kumene Theroux adafikako ndi tikiti imodzi ya ndege.

Mbiri idatichitira mwayi wosowa: idayesa zikhulupiriro zija pa ana oyankhula chiyankhulo chimodzi, okhala mbali ziwiri za malire a Mchinji ndi Chipata. Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964 lidali ndi anthu a madigiri pafupifupi 100 okha, ndi mitundu yambiri yoti liyigwirizanitse. Gulu la akatswiri la UNESCO lotsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia lidalangiza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba. Boma lidavomera mu 1965, John Mwanakatwe ali nduna ya zamaphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 lidatsindika zimenezi. Zifukwa zake zidali zomveka: umodzi wa dziko, ana a m'migodi a mitundu yosiyanasiyana okhala m'kalasi imodzi, aphunzitsi osamutsidwa kuchoka ku Mongu kupita ku Kasama. Simon Kapwepwe, ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adadandaula poyera kuti ndondomekoyi ikulanda ana chikhalidwe chawo, koma palibe chidasintha. Ngakhale pokonzanso maphunziro mu 1977 adasunga Chingerezi, n'kungolola mphunzitsi kufotokoza mfundo yovuta m'chiyankhulo cha ana.

Dziko la Malawi lidatenga njira ina, ndipo pa zifukwa zosakoma. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa 1968 udasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchikweza kukhala chiyankhulo cha fuko lonse. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mwana wa ku Rumphi kapena ku Chitipa adasenzetsedwa ziyankhulo ziwiri zachilendo, ndipo ife olemba m'Chichewa tisamaiwale kuti mpando wathu udatengedwa ena akulira. Komabe kwa mwana wa ku Ntcheu kapena ku Mchinji chotsatira chake chidali chakuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'chiyankhulo chimene amamva, Chingerezi chili phunziro limodzi pakati pa maphunziro ena, kufikira mu Sitandade 5 mmene chinkalanda ulamuliro.

Koma mwini ndondomekoyo, Kamuzu Banda, ndi amenenso adakhulupirira za mphunzitsi wachizungu kuposa wina aliyense. Olemba mbiri yake amati ali mnyamata, cha m'ma 1915, adatulutsidwa m'mayeso a uphunzitsi kwawo ku Kasungu ataimirira kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira n'kumuganizira kuti akubera. Posakhalitsa adauyamba wapansi kulowera kumwera. Mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankati adaphunzirirapo zilembo zoyamba. Chilatini ndi Chigiriki zidali zokakamiza. Aphunzitsi adali azungu okhaokha, pakuti mwini sukulu ankati Mmalawi sangakwanitse. Munthu yemweyo amene adakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, amene ankadzudzula anthu pa misonkhano chifukwa cha Chichewa chosalongosoka, sadalole Chichewacho kukhala phunziro pa sukulu yake. Nthawi imeneyo n'kuti yunivesite ya Malawi itatulutsa aphunzitsi kwa zaka zoposa khumi, ena atabwerako kunja ndi madigiri apamwamba. Uthenga kwa iwo udali wosabisa: pita ukatenge pepala lawo, koma ukabwera ukhalabe wachiwiri.

Si onse adabwerako ndi sutikesi yofanana. Ku Nairobi mu 1968 Ngugi wa Thiong'o, atangobwerako ku Leeds, adagwirizana ndi Taban lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba kulemba kalata yopempha kuti nthambi ya Chingerezi pa yunivesite ithetsedwe, m'malo mwake pakhale ya zolemba ndi ziyankhulo za mu Africa. Kwathu kuno Jack Mapanje, wa ku Kadango m'boma la Mangochi, adadzera ku Soche Hill ndi ku yunivesite ya Malawi, n'kupita ku Institute of Education ku London. Kafukufuku wake kumeneko adali wa mmene olemba a ku Malawi amagwiritsira ntchito luso la makolo polemba m'Chingerezi. Digiri yake ya udokotala, ya mu 1983 ku University College London, idakhazika Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi pa mphasa imodzi, n'kufufuza mmene chilichonse chimasonyezera nthawi m'mneni. Kwa womasulira ngati ine, kukhazika ziyankhulo pamodzi chotere ndiye mtima wa uphunzitsi wonse. Mwana amene amati "borrow me your pen" si mbuli ayi. Akumasulira mokhulupirika mawu akuti "ndibwereke cholembera", pakuti mneni wathu mmodzi amagwira ntchito ya aneni awiri a Chingerezi. Wosokoneza "he" ndi "she" akuchokera ku chiyankhulo chimene "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe. Mphunzitsi wa ku Leeds amangomva cholakwa, pamene wa ku Dedza amaona kumene cholakwacho chachokera, chifukwa naye adapunthwa pa chitsa chomwecho. Mapanje adadzakhala mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba. Pa 25 Sepitembala 1987 adamangidwa, ndipo adakhala ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Mapepala a London sadamutchinjirize.

Zotsatira za mayeso a mbiri aja zidatuluka m'zaka za m'ma 1990. Eddie Williams wa ku yunivesite ya Reading, ndi ndalama za boma la Britain lomwelo, adayesa ana a Sitandade 5 ku Malawi ndi a Giredi 5 ku Zambia. Onse adawapatsa mayeso owerenga m'Chingerezi, kenako a ku Malawi m'Chichewa, a ku Zambia m'Chinyanja. Zikhulupiriro zija zikadakhala zoona, ana a ku Zambia, amene adamizidwa m'Chingerezi zaka zinayi zoyambirira, akadawasiya kutali anzawo. Sizidatero. M'Chingerezi magulu awiriwo adali pafupifupi chimodzimodzi, ndipo kunena zoona ambiri sankachita bwino mbali zonse. Koma m'chiyankhulo chawo ana a ku Malawi ankawerenga bwino kwambiri kuposa a ku Zambia. Kwa zaka pafupifupi 30 mwana wa ku Zambia adapereka luso lowerenga chiyankhulo chake, osagula nalo kanthu. Mu 1996 boma la Zambia lidavomereza kuti ana aziyamba kuwerenga m'ziyankhulo zawo, ndipo mu 2014 lidati aziphunziramo mpaka Giredi 4.

Chaka chomwecho cha 2014 unduna wa zamaphunziro ku Malawi udalengeza zosemphana. Potsatira lamulo la maphunziro la 2013, udati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Tidangosinthana mipando ndi anansi athu. Umboni udalipo, wolembedwa m'Chingerezi chomwe, koma ludzu lija n'lamphamvu kuposa umboni, makamaka m'dziko limene mwana angathe kukhoza masamu ndi sayansi koma osalandira satifiketi ya MSCE chifukwa walephera Chingerezi. Kholo loona zimenezi simungaliuze za kafukufuku.

Kunjako nako zinthu zidatembenuka. Mu 1994 Peter Medgyes wa ku Hungary adatulutsa buku lotchedwa The Non-Native Teacher, lonena kuti mphunzitsi amene adachita kuphunzira Chingerezi ali ndi mphamvu zimene wobadwa nacho alibe. Cha nthawi yomweyo ku Wales, kumene m'zaka za m'ma 1800 ana ankavekedwa kathabwa pakhosi akayankhula Chiwelshi (chigoba chathu cha nkhono chidali ndi agogo ake), Cen Williams adapereka dzina ku kaphunzitsidwe kolola mwana kuwerenga m'chiyankhulo china n'kuyankha m'chinzake. M'Chingerezi dzinalo ndi translanguaging. Ku Johannesburg, Leketi Makalela walilumikiza ndi umunthu, ndipo lero lili m'masilabasi a madigiri ambiri a uphunzitsi wa Chingerezi, kuphatikizapo ya mlongo wanga.

Sindikuti iye akutaya ndalama. Digiriyo ikumupatsa zimene dipuloma yake sidamupatse: laibulale yaikulu yolowa m'foni, luso lokonza mayeso abwino, ndi anzake a ku Vietnam ndi ku Oman amene amatsutsana naye usiku, nthawi imene intaneti imayenda bwino. Chimene ndikuopa n'china. Pepalalo likadzafika lidzamukweza, ndipo m'maiko athu kukwera kwa mphunzitsi ndiko kuchoka pa bolodi, kupita ku ofesi ya boma, ku bungwe la thandizo, kapena ku sukulu ya ana a anthu olemera ku Lilongwe. Ndamuuza zimenezi. Adandiyankha kuti ndikafuna akhale ku Dedza mpaka ukalamba, ndiyambe ndamugulira malata.

Mwezi watha adandiimbira usiku. "Achimwene, sabata ino tikuwerenga za translanguaging. Ndalipira mapaundi kuti andiuze zimene ndimachita Lolemba lililonse mu Fomu 1." Adamuuza kuti ajambule phunziro limodzi pa vidiyo. Adasankha la aneni a nthawi yakale. Ana adayamba kufotokozerana m'Chichewa zimene zidachitika pa msika Loweruka, n'kukanganirana kusiyana kwa "ndagula" ndi "ndidagula", kenako adalemba nkhaniyo m'Chingerezi awiriawiri. Mphunzitsi wake wa ku Mangalande adamupatsa malikisi apamwamba, n'kupempha chilolezo choonetsa vidiyoyo kwa ophunzira a chaka chamawa.

Vidiyoyo adaijambula chitseko chili chotseka. Pakhoma la panja, pafupi ndi ofesi ya ahedi, padakali chikwangwani cholamula kuti pa sukulupo aziyankhula Chingerezi chokha, ndipo wogwidwa amakatchetcha bwalo la mpira akaweruka. Lachinayi ndiye tsiku la mlongo wanga loyang'anira chilangocho.